Mneni akasanduka dzina, amameza ndani?

Mawu oti mphunzitsi amamangidwa katatu. Pansi penipeni pali tsinde lija timalimva mu kuphunzira. Tikafuna kunena kuti wina akuchititsa mnzake kuphunzira, timalisintha n'kukhala phunzitsa. Kenaka timaika m kumayambiriro, a wakumapeto n'kumusandutsa i, basi patsogolo pathu paima munthu wa choko m'manja. Mwana wa sitandade 3 ku Namitambo amachita zimenezi osaganizira n'komwe. Chodabwitsa n'chakuti kuli chiyankhulo china chopanda mudzi, chopanda mfumu, chomwe palibe gogo adachiyamwa kubere, koma nachonso chimamanga mawuwa katatu momwemu. Kuphunzira amati ghoj, kuphunzitsa amati ghojmoH, mphunzitsi amati ghojmoHwI'. Chiyankhulocho ndi Chiklingon, ndipo adachipanga ndi munthu mmodzi ku America.

Munthuyo ndi Marc Okrand, katswiri wa ziyankhulo amene pa maphunziro ake apamwamba adafufuza Chimutsun, chiyankhulo cha eni nthaka a ku California chomwe ochiyankhula adali atatha kale. Opanga mafilimu a Star Trek adamupempha kuti awakonzere chiyankhulo cha mtundu wongopeka wa ankhondo a kumlengalenga, choti chimveke mu filimu yawo yachitatu ya mu 1984. Chaka chotsatira adasindikiza mtanthauziramawu wa Chiklingon, ndipo mu 1992 adauwonjezera. Okrand adachitira dala kuti chiyankhulochi chizimveka chachilendo. M'chiganizo chake wochitidwa ndiye amatsogola, mneni pakati, wochita kumapeto. Koma atafika poti asandutse mneni kukhala dzina adakumana ndi vuto lomwe mlembi aliyense wa Chichewa amakumana nalo akangogwira cholembera, ndipo m'mene adalithetsera ndi momwe muli nkhani yathu.

Adadzipatsa aphatikiri awiri okha. Woyamba ndi -wI', amene amanena za wochita kanthu. Kumenya nkhondo ndi Suv, msilikali ndi SuvwI'. Kutumizirana mauthenga ndi Qum, kachipangizo koyankhulirana ndi QumwI'. Kubisa ndi So', ndipo makina obisa chombo kuti adani asachione ndi So'wI'. Mphatikiri ameneyu sasamala kuti wochitayo ndi munthu kapena chitsulo. Chichewa sichingalole zimenezo. Wotsegula ndi munthu, chotsegulira ndi kachitsulo kopachikidwa pa chingwe m'golosale. Woyendetsa ali ndi ana kunyumba, chiwongolero chilibe. Kwa ankhondo a m'filimu, msilikali ndi chida chake ali m'gulu limodzi, ndipo mwina mpake kwa mtundu woti ukulu wa munthu umayezedwa pa nkhondo. Apa Okrand adachita bwino: umphawi wa mphatikiriyu ukunena kanthu za eni chiyankhulo.

Wachiwiri ndi -ghach, ndipo ameneyu ndiye adautsa mapiri pachigwa. Mu 1990, m'gawo lina la sewero la pa kanema la Star Trek, msilikali wotchedwa Worf adavomera kuvulidwa ulemu pamaso pa akuluakulu a mtundu wake, kuopa kuti dziko lingagwe m'nkhondo yapachiweniweni. Mwambo woterewu umafunika dzina. M'Chiklingon muli mawu ena amene amagwira ntchito ziwiri osasintha maonekedwe: naD ndi kuyamikira, komanso ndi chiyamikiro. Ukaphatikiza -Ha', amene amamasula zomwe zidachitika monga momwe ife timasinthira tseka kukhala tsekula, umapeza naDHa', kulanda munthu chiyamikiro chomwe adapatsidwa. Koma Okrand adaika lamulo loti mneni amene wasenza kale mphatikiri sangakhalenso dzina payekha. Choncho buku la mu 1992 lidabwera ndi -ghach, ndipo mwambo uja udatchedwa naDHa'ghach. Momwemonso lo', kugwiritsa ntchito, adabala lo'laH, kukhala chaphindu, kenaka lo'laHghach, phindu la chinthu, mpaka lo'laHbe'ghach, kupanda pake.

Ophunzira Chiklingon ataona mphatikiri watsopanoyu ena adayesa apeza njira yachidule. Mneni aliyense, bola kumumata -ghach, dzina lapezeka. Mkangano udakula mpaka mu 1994, pamene Okrand adafotokoza m'magazini ya HolQeD ya bungwe la Klingon Language Institute kuti -ghach womatidwa pa tsinde lopanda kanthu amamveka ndithu tanthauzo, koma khutu limapunthwa naye. Malo ake enieni ndi pambuyo pa mphatikiri wina, wonena kuti ntchitoyo ikupitirira, yatha, yabwerezedwa kapena yamasulidwa. Kwa ine lamuloli ndi la alembi kuposa la ankhondo a m'filimu. Likuti dzina latsopano lisabadwe pokhapokha litasenza kanthu komwe mneni payekha sakadatha kunena. Likangobadwa chifukwa choti njira ilipo, ndi mtolo wopanda nkhuni.

Tsono tibwere kwathu, kumene njira si ziwiri. Tengani tsinde la lemba. Munthu wake ndi mlembi, ntchito yake ndi ulembi, chida ndi cholembera, malo ndi polembera, kachizindikiro kamodzi ndi chilembo, a m'tchalitchi ndi malemba, m'mene dzanja limayendera ndi kalembedwe, ndipo boma likamayenda khomo ndi khomo kuwerenga anthu timati kalembera. Chichewa chimagwira mneni mbali ziwiri nthawi imodzi. Kumapeto, i nthawi zambiri amaloza wochita, monga mlimi, msodzi, mlaliki, pamene o amaloza chotsatira kapena chida, monga funso, pemphero, chitseko, mtsamiro, chigayo. Kumayambiriro, gulu la dzina limagamula kuti chinthucho tichione motani. Amayi akamasankha nyemba pa lichero mneni ndi mmodzi yemweyo amene amatipatsa chisankho, chomwe timachiimira pa mzere kuyambira m'bandakucha, ndi tsankho, lomwe limapasula mudzi. Kusonkha kudabala msonkho. Titangoikapo -an- wochitirana, kudabala msonkhano. Ukwati ukakhala woti mkazi wapita kwawo kwa mwamuna timati chitengwa, ndipo w wamng'onoyo, wa msintho wochitidwa, wanena kale amene watenga ndi amene watengedwa. M'dera la chikamwini ngati Chiradzulu, chilembo chimodzicho chili ndi nkhani ya munda ndi ana.

Chuma chonsechi chili ndi mtengo wake. Mneni wa Chichewa amayenda ndi mboni zake zonse m'thupi. Mawu amodzi oti adatilanda akunena wochita mu a, nthawi mu da, ochitidwa mu ti. Mukangowasandutsa dzina, kuti kulandidwa kwa malo kapena mkangano wa malo, mboni zija zabalalika. Sitikudziwanso kuti adalanda ndani, liti, ndipo amene akulira ndani. Dzina lili ngati thumba la chimanga losokedwa kale: limanyamulika bwino, limasanjika bwino, koma wogula saona ngati pansi pali anankafumbwe. Luso lonse la kusandutsa mneni kukhala dzina lagona pa kudziwa chomwe wasokera mkati ndi chomwe wasiya kunja, ndiponso chifukwa chake.

Anthu a ku Chiradzulu safunika buku kuti amvetse zimenezi. Kuthangata kudali mneni wabwino. Munda ukamukulira munthu, anansi ankabwera ndi makasu kudzamuthangata, iye n'kuwakonzera mowa kapena thobwa, akudziwa kuti mawa khasu lake lidzakhala m'munda mwa wina. Kenaka malo a ku Magomero, maekala opitirira 160,000, adakhala a banja la Alexander Low Bruce, mkamwini wa David Livingstone. Alomwe ambiri othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique adaloledwa kumanga pa malowo, koma lendi yake idali thukuta: mwezi umodzi kulipira malo, mwezi wina kulipira msonkho wa nyumba. M'manja mwa mzungu woyang'anira esiteti, William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia, mwezi udasiya kutha. Tsiku loti munthu sadamalize ndime yake m'munda wa thonje silinkalembedwa pa tikiti, ndipo miyezi iwiri ija inkatalika mpaka kudya dzinja lonse, munda wa mwini wake ukumera tchire. Ntchito imeneyi inkatchedwa thangata.

Tayang'anitsitsani kapangidwe ka dzinali. Chichewa chikafuna kutchula thandizo lenileni chimaika o kumapeto: thandizo, chithandizo, thangato. Koma dzina ili lidatsala ndi a wake, tsinde lokhalokha lopanda gulu looneka kumayambiriro, ndipo kwathu kuno tsinde loima lokha chotero ndi lamulo: lima, tema, senza, thangata. Maonekedwe ake ndi a mawu otuluka m'kamwa mwa kapitawo. Chomwe lidameza ndi kamphatikiri kaja ka -an-, kamene kamasandutsa kuthangata kukhala kuthangatana. Pa esiteti panalibe tsiku loti mzungu adzagwire khasu m'munda mwa Mlomwe, komabe dzinalo linkapitiriza kununkhira ubale wa kumudzi. N'chifukwa chake mu 1979 katswiri J. A. K. Kandawire adalemba buku lathunthu lomwe mutu wake ukufunsa ngati imeneyi idali ntchito yokakamiza kapena kuthandizana. Funso lomwe mneni akadaliyankha ndi kamphatikiri kamodzi, dzina lidalisiya lotseguka kwa zaka makumi.

John Chilembwe, amene adakhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, adali ndi akhristu ambiri pakati pa anthu a pa esitetiyo, ndipo matchalitchi awo a udzu ankatenthedwa. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake adapha Listonia uja ku Magomero, ndipo pa 3 Febuluwale iye mwini adaphedwa akulowera cha ku Mozambique. Amene adaphedwa pambuyo pake boma la atsamunda lidawaona ngati oukira. Lero timati ofera dziko. Mayina onse awiri ndi ochokera ku aneni, onse ndi Chichewa chabwino, koma lililonse ndi chigamulo cha mlandu. Lamulo lidathetsa ntchito ya thangata mu 1962, dzina lokha lidakana kufa. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, m'midzi yambiri munthu akafuna kukana kuumba njerwa za sukulu kapena kulambula msewu ankangotchula mawu amodzi omwewa, mfumu n'kusowa chonena. Dzina lomwe lidabisa nkhanza m'dzina la kuthandizana lidatembenuka, n'kuyamba kudetsa kuthandizana kwenikweni.

Sindikunena kuti dzina lochokera ku mneni ndi mdani. Amisiri ake enieni tili nawo, ndipo ambiri sadziwika mayina. Amene adakonza mawu ophunzitsira malamulo a Chichewa m'sukulu adachita zanzeru poika mitundu ya mawu m'gulu la anthu: mneni, mfotokozi, muonjezi, mlumikizi, mperekezi, mlowam'malo. Mwana amaona mawu ngati anthu, aliyense ndi ntchito yake, ndipo safunika kuloweza tanthauzo poti dzinalo lanena kale. Ena adatenga mneni n'kumukwatitsa ndi chomwe amachita: mtolankhani, msungichuma, mpalamatabwa, chiphadzuwa. Pa msika wa Mbulumbuzi belo likadulidwa mawaya, zovala zimakhuthulidwa pa pepala la pulasitiki, amayi n'kugwada kuyamba kufukula, wina akuyeza kabudula pa msana wa mwana, wina wabisa diresi kukhwapa kuti mnzake asamutsogolere. Zonsezi dzina lake ndi kaunjika. Silikunena kuti zovalazo wina adavalapo, silikunena kuti zachokera kunja, langotchula mulu. Nalonso lameza kanthu, koma lameza mwaulemu, kuteteza nkhope ya wogula. Chiwongoladzanja nacho n'chaulemu, ngakhale amene adakongolapo katapila angakuuzeni kuti dzanja lija limawongoka mpaka kukafika m'khola la mbuzi.

Makolo adafika pomwe Okrand sadafike. Ankatenga mneni wathunthu, ndi wochita wake, ndi kukana kwake, n'kumuimika ngati munthu. Safunsa adadya phula. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Pepani sapoletsa chilonda. Mayina amenewa sameza mboni iliyonse. Mu Safunsa mukumuona munthuyo ndi khalidwe lake, mu Kandimverere mukumva ngakhale liwu la waulesi amene adatuma mnzake. Ndi mayina, koma mneni akadapumabe mkati mwake.

Palinso nthawi yoti dzina limachita zomwe mneni sangathe. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo ku Chiradzulu, boma lisadayambe kuwapereka ulere m'dziko lonse mu 2004. Anamwino ndi aphungu ankayenera kufotokozera agogo osadziwa kuwerenga za chinthu chosaoneka, chomwe chimayezedwa m'magazi n'kulembedwa ndi manambala. Kunena kuti thupi limadziteteza n'koona, koma kudziteteza sungakuike pa sikelo. Chitetezo cha m'thupi ndi chinthu: chimatsika, chimakwera, munthu amatha kuchifunsa. Mayi akatuluka m'chipinda cha dokotala n'kuuza mlamu wake kuti chitetezo chakwera, onse awiri amvana, ndipo adziwa kuti mankhwala asalekedwe. Apa dzina lasenza kanthu komwe mneni adalibe, ndiko kuyezeka. Lamulo la Okrand lakwaniritsidwa ndi anthu oti sadamvepo za Star Trek.

Chomwe chikudetsa nkhawa ndi Chichewa cha m'mapepala a masiku ano: zidziwitso za m'maofesi, malipoti a mabungwe, nkhani zina za pa wailesi. Mtundu wake ndi uwu: kukhazikitsidwa kwa ndondomeko ya kayendetsedwe ka kagawidwe ka zipangizo za ulimi kudzathandiza kuchepetsa kuchedwa kwa kafikidwe ka feteleza kwa alimi. Palibe lamulo la Chichewa lomwe laswedwa apa. Koma werengani chiganizochi mokweza pa bwalo la mfumu ku Thumbwe muone ngati wina angachibwereze. Aneni asanu ndi mmodzi asandutsidwa mayina, ndipo palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akuchita kanthu. Akukhazikitsa ndani? Akugawa ndani? Adachedwetsa ndani chaka chatha? Munthu woganiza m'Chichewa akadati: chaka chino feteleza afika mvula isanagwe, chifukwa tasintha anthu ogawa. Chiganizo chachiwirichi n'choopsa kwa wochinena, popeza chili ndi ife, chili ndi nthawi, ndipo mvula ikagwa feteleza asanafike anthu adziwa khomo loti agogode.

Matendawa amachokera kuwiri. Kwina ndi kumasulira. Chingerezi cha m'maofesi chimakonda kuunjika mayina, ndipo womasulira wamantha amatsata dzina ndi dzina, osayerekeza kugumula chiganizo kuti achimangenso. Poti Chichewa chili ndi ku- ndi ka- wa -idwe amene amalola kumatidwa pa mneni aliyense, njira yachidule ija Okrand adaitseka kwa ife ili chitsegukire. Chikhalirecho ka- wa -idwe ali ndi ntchito yake yokongola, yonena m'mene chinthu chimachitikira: kavinidwe ka tchopa, kaphikidwe ka kalongonda, kayendedwe ka munthu woti wamva uthenga wa maliro. Mukamukakamiza kutchula ntchito ina iliyonse ya mu ofesi, amafa mphamvu. Kwina ndi dala. Pali anthu amene amadziwa bwino lomwe kuti kusokonekera kwa ndalama kulibe mwini, pamene adaba ali ndi mwini. Timamvanso kuti chitukuko chabwera, ngati chili ndi miyendo, osamva kuti njerwa adaumba ndani, mchenga adatuta ndani, ndipo ndalama za simenti adasunga ndani.

Chiklingon chili ndi mwini. Mawu atsopano amatengedwa kuti ndi enieni akachokera kwa Okrand, ndipo ochiphunzira amadikira iye kuti agamule. Ifenso tidayesapo kukhala ndi mlonda wa chiyankhulo. Chichewa chitasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, ndipo mu 1996 ntchito yake idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, komwe kudatuluka Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ntchito ya mabungwewa ndi yofunika, ndipo malamulo a dziko, sayansi ndi zachipatala sizingayende popanda mayina okhazikika. Koma palibe bungwe lomwe lidavomereza kaunjika lisadagwire msika, ndipo palibe lomwe lingaletse chiganizo chopanda munthu chija, poti malamulo a galamala sichidawaswe. Chiyankhulo cha anthu mamiliyoni, chomwe ku Chiradzulu chimakhala khomo limodzi ndi Chilomwe ndi Chiyao, sichikhala ndi munthu mmodzi wogamula. Udindo umagwera aliyense wogwira cholembera.

Choncho mlembi asanalembe dzina lochokera ku mneni, alibwezere kaye kwawo n'kulifunsa mafunso atatu: wachita ndani, wachitira ndani, liti? Ngati mayankho ake aliyense akuwadziwa, kapena ngati dzinalo likubweretsa chatsopano monga chitetezo chija choyezeka, alilembe ndi mtima wonse, ndipo asankhe gulu lake mosamala, podziwa kuti chisankho ndi tsankho n'za mimba imodzi. Koma ngati mayankhowo ndi omwe wina sakufuna kuti amveke pa msonkhano wa kwa mfumu, alembe mneni, ndi a wake, ndi da wake, ndi ti wake.